Chishango cha Agogo

Biriwiri ali m'boma la Ntcheu, pamsewu waukulu wopita ku Lilongwe, m'malire a Malawi ndi Mozambique. Kuderali kumakhala Angoni a kwa Maseko, anthu a Inkosi Gomani.

Tsiku lina mnyamata wina wa kumeneko adabwera kuchokera kusukulu ali ndwii. Adapeza agogo ake atakhala pakhonde, akukonza chishango chawo chovinira ngoma.

"Agogo," adatero mnyamatayo atagwada, "lero aphunzitsi atisonyeza zithunzi za ankhondo akale a ku Ulaya ndi a ku Japan. Iwo ankavala chitsulo thupi lonse. Anzanga akuti makolo athu adali operewera nzeru chifukwa ankangodalira chikopa cha ng'ombe. Ine ngoma ya mawa sindivina."

Agogowo sadayankhe msanga. Funso lotere lifunika kuliganizira bwino, ndipo poyamba tiyenera kuwadziwa ankhondo a pazithunziwo.

Ankhondo a ku Ulaya, otchedwa knight pa Chingerezi, ankamenya nkhondo atakwera akavalo. Mwana ankayamba kuphunzira ntchitoyi ali ndi zaka 7, ndipo ankaimaliza ali ndi zaka ngati 21. Poyamba ankavala malaya olukidwa ndi timphete tachitsulo. Pofika m'zaka za m'ma 1400, amisiri adayamba kusula zovala zachitsulo zophimba munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, zolemera makilogalamu 20 kapena 25. Lupanga lawo lidali lowongoka, lakuthwa konsekonse. Komatu chitsulo chili ndi tsoka lake. Mu 1415, pankhondo ya ku Agincourt, mvula idagwa ndipo ankhondo a ku France adatitimira m'matope. Asilikali a ku England, ambiri a iwo a mauta, adawagonjetsa ngakhale adali ochepa.

Ankhondo a ku Japan ankatchedwa Asamurai. Akale kwambiri adali akatswiri oponya mivi ali pakavalo, ndipo popeza uta umafuna manja awiri, sankanyamula chishango kumanja. Chovala chawo adachipanga ndi tizidutswa tachitsulo ndi tachikopa tomangidwa ndi zingwe zasilika. Lupanga lawo, lotchedwa katana, lidali lopindika pang'ono, lakuthwa mbali imodzi yokha. Wosula ankatentha chitsulo, kuchisula, kuchipinda, ndi kuchisulanso kambirimbiri kufikira zonyansa zonse zitachoka.

Nanga Angoni? Iwo adachokera kummwera kwa Africa akuyenda pansi, pamodzi ndi akazi, ana ndi ng'ombe. Adawoloka Zambezi, nakafika ku Songea m'dziko la Tanzania, kenaka adabwerera nakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Munthu wovala chitsulo cholemera sakadayenda ulendo wotere padzuwa la kuno. Akavalo nawonso akadafera m'zigwa, momwe muli ntchentche zoyambitsa kaodzera. Chuma cha Angoni chidali ng'ombe, choncho chodzitetezera chawo chidachokera m'khola.

"Tanyamula," adatero agogo aja popereka chishango. Mnyamatayo adadabwa kuona kupepuka kwake. Agogowo adamsonyeza ndodo yakumbuyo imene imalimbitsa chikopa, ndi timizere tachikopa tolukidwa pakati pake.

"Mdzukulu wanga, chikopa chikauma bwino muvi umangotsetsereka. Ndi ichi munthu ankathamanga tsiku lonse osatopa. Akafika pa mdani ankakankha chishango chake ndi ichi, nabaya ndi nthungo yaifupi. Nthungoyo sankaiponya ayi, chifukwa woponya nthungo amatsala chimanjamanja. Ndipo chibonga chidali pafupi."

"Kodi chidalibe vuto, agogo?"

"Chidali nalo. Chikavumbwa ndi mvula chimafewa. Chiswe ndi makoswe nazonso zimachikonda, n'chifukwa chake ndimachipachika kudenga."

Mdani wamkulu wa ankhondo onsewa adali mmodzi, ndiye mfuti. Ku Ulaya, mfuti zitachuluka, zovala zachitsulo zidayamba kusiyidwa pang'onopang'ono. Ku Japan mfuti zidafika ndi Apwitikizi mu 1543, ndipo mu 1876 boma la kumeneko lidaletsa Asamurai kuyenda ndi malupanga. Kuno kwathu, mu 1896, asilikali a boma la atsamunda adathira nkhondo Angoni a kwa Maseko. Zishango sizikadatchinga zipolopolo. Inkosi Gomani woyamba adagwidwa, ndipo adaphedwa m'chaka chomwecho.

Agogo aja adafotokoza za imfa ya Inkosiyo motsitsa mawu, monga achitira akuluakulu ponena za maliro. Mnyamatayo adakhala chete akusisita ubweya wa pachishango.

"Agogo, kodi mawa mundibwereka chimenechi?"

"Ichi n'chachikulu, chingakupinge miyendo. Pita ukatenge chaching'ono chija chili kuseri kwa chitseko, tione ngati makoswe achisiya."

Mafunso

1. Kodi Biriwiri ali m'boma liti?
2. N'chifukwa chiyani Asamurai akale sankanyamula chishango kumanja?
3. Fotokozani zimene zidachitika ku Agincourt mu 1415.
4. Tchulani zifukwa ziwiri zimene chishango chachikopa chidali choyenera Angoni.
5. Pangani ziganizo ndi mawu awa: ndwii, kutitimira, chimanjamanja.