Kupopetsa mafuta apamimba: zimene zinagwera Stella Obasanjo

Pa 23 Okutobala 2005 dziko la Nigeria linadzuka ndi maliro awiri. Usiku wa dzulo lake ndege ya Bellview inali itagwa itangonyamuka ku Lagos, n'kupha anthu onse 117. Anthu ali m'kati molira, kunabwera uthenga wina kuchokera ku Marbella, m'dziko la Spain: Mayi Stella Obasanjo, mkazi wa Pulezidenti Olusegun Obasanjo, atisiya. Sanapiteko chifukwa cha matenda. Anakapopetsa mafuta apamimba, opaleshoni imene madokotala amati liposuction, kutangotsala masabata atatu kuti akwanitse zaka 60.

Opaleshoniyi imamveka yophweka. Dokotala amaboola timabowo pakhungu, n'kuthira madzi osakaniza ndi mankhwala a dzanzi komanso ochepetsa kutaya magazi. Kenako amalowetsa kapaipi kachitsulo n'kumakakankha uku ndi uku pansi pa khungu, makina akuyamwa mafuta. Nsonga ya kapaipiko saiona, amangoimva ndi dzanja. Kwa Mayi Obasanjo kanapitirira, kanaboola matumbo n'kuvulaza chiwindi. Atayamba kufooka, dokotala anachedwa kuzindikira chimene chinachitika, ndipo pamene ankawathamangitsira kuchipatala chachikulu kunali kutada kale. Mu 2009 khoti la ku Málaga linagamula kuti dokotalayo akakhale kundende chaka chimodzi, asagwire ntchito yake zaka zitatu, ndiponso alipire mwana wa malemuwo ndalama zokwana mayuro 120,000.

Amenewo anali mayi wa fuko lolemera ndi mafuta agalimoto, oti ndalama sinali nkhani.

Kuno ku Lilongwe, si kale pamene munthu akanenepa tinkati akumusamala bwino. Lero nkhani zake n'zina m'masaluni a ku Area 47, m'maofesi a ku City Centre ndi pa mabridal shower a ku Area 10 ndi Area 43. Foni imayenda m'manja, anthu akuona pa Instagram zithunzi ziwiri za mkazi mmodzi, china ali ndi mimba, china chiuno ngati cha mavu, ndipo m'munsi mwake muli mtengo wophatikiza hotela ndi opaleshoni ku Istanbul, ku India kapena ku Johannesburg. Wofuna kukongola sindimuimba mlandu. Thupi ndi lake, ndalamanso ndi zake. Chimene chimandiopsa ndi chinsinsi chimene chimayenda ndi ulendowu.

Munthu amatsanzika kunyumba kuti wapita ku Joni kukaoda katundu. Pakangopita masiku ochepa watera pabwalo la ndege la Kamuzu, atavala chovala chothina m'kati mwa diresi, mabala akadali aawisi. Kukhala maola ambiri mundege utangochitidwa opaleshoni kumawonjezera mpata woti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo kachibuluma kakathamangira kumapapo munthu amatha kugwa osadzukanso. Thupi likatentha usiku ku Area 12, amene anamuchita opaleshoni ali kutsidya kwa nyanja, akuyankha pa WhatsApp ngati wafuna. Wodwala amayamba wamwa panado, nanga auza ndani? Akafika kuchipatala cha Kamuzu Central kapena cholipira, madokotala amayamba kufufuza malungo, popeza palibe wawauza zoona, palibenso pepala losonyeza malita angati anachotsedwa. Madokotala a ntchitoyi amati kupyola malita 5 ndi opaleshoni yaikulu, yofunika kuti munthu agone m'chipatala akuyang'aniridwa.

Abambo a mimba za mowa ndi kanyenya asaganize kuti awapezera njira yachidule. Kapaipi kamangofika pa mafuta a pansi pa khungu, aja mungawatsine ndi zala. Amene amakuta matumbo ndi chiwindi, omwe amayenda ndi shuga ndi BP, sikawakhudza. Kafukufuku amene anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2004 anapeza kuti amayi amene anachotsedwa mafuta pafupifupi makilogalamu 10 sanasinthe pa nkhani ya shuga, BP kapena mafuta a m'magazi. Diresi inakwana, koma m'kati munali chimodzimodzi.

Amene watsimikiza mtima ali ndi pofunsa. Dokotala aliyense wogwira ntchito m'dziko muno amayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo ku South Africa bungwe lotere ndi HPCSA. Kumeneko mungadziwe ngati munthuyo anaphunziradi za maopaleshoni. Funsani amene adzakuyang'anireni usiku woyamba, ndi kutalika kwa chipatala chokhala ndi ICU. Tengani m'bale, ndipo musakwere ndege dokotala asanalole. Mukabwerera, kupweteka kwa m'mimba komwe kukukulirakulira, kutentha thupi, kubanika kapena kutupa mwendo umodzi si zodikira kuti kuche. Thamangani kuchipatala usiku womwewo, ndipo mukangolowa nenani kuti munapopetsa mafuta, liti, ndi kuti.