KUGONA NTHAWI YAITALI KUMATHA MINOFU

Ambiri a ife timayesa kuti wodwala akamangogona pamphasa ndiye kuti akusunga mphamvu. Si choncho ayi. Mnofu umakhala wolimba chifukwa cha katundu amene umasenza tsiku ndi tsiku, ndipo katundu woyamba ndilo thupi la mwini wake. Amene anaonapo mwendo wongochotsedwa kumene m'chikhakha akudziwa umo umaonekera wowonda.

Umboni waukulu wa zimenezi unachokera kwa anthu opita m'mlengalenga. Chombo chikamazungulira dziko, munthu salemera konse. Amangoyandama, ndipo miyendo ilibe chosenza. M'chaka cha 1970 amuna awiri a ku Soviet Union, Andriyan Nikolayev ndi Vitaly Sevastyanov, anakhala pafupifupi masiku 18 m'chombo chotchedwa Soyuz 9. Atatera pansi anavutika kuimirira ndi kuyenda, ngakhale ananyamuka ali amphamvu. Minofu imene imayamba kutha ndi ya akatumba, ntchafu ndi msana, yomwe imatigwiriziza poimirira. Nchifukwa chake okhala pa International Space Station amachita masewero olimbitsa thupi pafupifupi maola 2 patsiku.

Tsono kugona pabedi kumachita zomwezo pansi pompano. Ku America, m'chaka cha 2007, madokotala analengeza zimene anapeza atagoneka anthu achikulire osadwala masiku 10 okha: mnofu wa m'miyendo unachepa pafupifupi kilogalamu imodzi. Taganizani, masiku 10, ndipo anthuwo sanali kudwala! Kwa nkhalamba, mphamvu yotayika chotere imachedwa kubwerera, ndipo ena sadzukanso bwino ngakhale nthenda yeniyeniyo itatha.

Inu amene mukudwazika mayi kapena agogo, funsani adokotala kapena anamwino tsiku limene wodwala angayambe kudzuka. Pali matenda ena, monga kuthyoka fupa, ofunadi kugona, ndipo pamenepo mverani a chipatala. Koma akakulolani musachedwe. Ayambe ndi kukhala tsonga, kenaka aimirire mutamugwira, tsiku lina afike pakhonde kukaothera dzuwa. Ngati sangathe kudzuka, apinde ndi kutambasula miyendo kangapo patsiku, inu mukumthandiza. Phala lokha silimanga mnofu. Mpatseninso nyemba, nsinjiro, usipa kapena dzira.