PHUNZIRO LA NTCHITO ZA MANJA: KALULU WOLUKA NDI ZOKONGOLETSA PABWALO

Amayi anzanga, Khrisimasi ikamayandikira m'misika mumadzaza zidole za pulasitiki ndi timapepala tonyezimira. Chidole chotere mwana amachithyola tsiku lomwelo, ndipo timapepala tija mvula imodzi ya Disembala imatisandutsa phala. Ndalama yapita. M'phunziro lino tiona m'mene tingapangire zathuzathu ndi zinthu zimene zili kale pakhomo. Tisanayambe tigwire mfundo iyi: chidole chimayesedwa ndi m'kamwa mwa mwana, chokongoletsa panja chimayesedwa ndi mvula. Chalephera mayesowa, ngakhale chikongole bwanji, sichinathe.

GAWO LOYAMBA: KALULU WOLUKA

Zofunika: ulusi wolukira majuzi, singano ziwiri zolukira za mamilimita 3.5, singano yaikulu yosokera, ulusi wakuda pang'ono, ndi zoika m'kati.

Ngati ulusi watsopano wadula, masulani juzi yakale kapena ya pa kaunjika. Yambani mwaona m'misoko mwake: ngati inachita kudulidwa n'kusokedwa pa makina, ulusi udzatuluka wodukaduka, isiyeni. Ulusi womasulawo umakhala wopotanapotana. Ukulungeni pa nsana wa mpando, mangani m'malo anayi, chapani, kenaka yanikani pamthunzi mutaukolowekera kanthu kolemerako kuti uwongoke.

1. Yambani ndi masitichi 30. Lukani kaluka kamodzi komweko popita ndi pobwera, mizere pafupifupi 60, mpaka kansalu kafanane mbali zonse zinayi. Tsekani. Mulukemo mothina kuti zam'kati zisamasuzumire.
2. Pindani kansaluko pakati kuti muone mzere wapakati, kenaka tambasulani.
3. Ndi singano yosokera, sokani modumphadumpha kutsata mzere wapakatiwo kuchokera mbali ina kukafika ina. Kuchokera pamenepo kwerani mopingasa kukafika pakati pa mphepete ya kumwamba, ndipo tsikani mopingasa kubwerera pomwe munayambira. Mwapanga chinthu cha ngodya zitatu.
4. Ikani zam'kati pakati pa ngodya zitatuzo, n'kukoka ulusi pang'onopang'ono. Mutu utuluka wokha, ndipo ngodya ziwiri za kumwamba zisanduka makutu. Mangani mfundo yolimba.
5. Theka latsalalo ndilo thupi. Lumikizani mbali zake ziwiri kumsana, dzazani, n'kutseka kumunsi.
6. Mchira lukani kansalu ka masitichi 8, kakokeni kakhale kampira, kasokereni kawiri.

Zam'kati zikhale thonje loyera lopanda njere, tizidutswa ta ulusi, kapena tinsalu totsala kwa telala tochapa ndi kuuma bwino. Nyemba, chimanga ndi madeya ayi: zimaitana anankafumbwe ndi makoswe, ndipo zikanyowa zimachita nkhungu. Majumbo nawo asalowemo.

Tsopano za maso. Apa ndi pamene ambirife timalakwitsa, chifukwa batani kapena mkanda zimakongola ndipo sizichedwetsa. Koma mwana wosakwana zaka zitatu chilichonse amapita nacho kukamwa. Batani likazuka likhoza kumutsamwitsa mayi ali kumbuyo kwa nyumba akutsuka mbale. N'chifukwa chake malamulo a zidole ku Ulaya ndi ku America amaletsa tizidutswa ting'onoting'ono pa zidole za ana a msinkhu umenewu. Muyeso wake ndi kachubu kotambalala masentimita atatu ndi pang'ono: chimene chalowa chonse m'menemo, n'choopsa. Ife maso, mphuno ndi kamwa tizisoka ndi ulusi wakuda, n'kubisa mfundo m'kati mwa mutu. Zimatenga nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musamange riboni kapena chingwe chachitali m'khosi mwa chidole. Mukatha, kokani makutu ndi mchira mwamphamvu ngati m'mene angachitire mwana, chagwedera, sokaninso. Khanda losakwana chaka lisagone ndi chidole chofewa pamphasa kapena pabedi pake, chingalitseke mphuno.

GAWO LACHIWIRI: ZOKONGOLETSA PABWALO

Kuno kwathu zikondwerero za kumapeto kwa chaka zimagwa m'dzinja, choncho pepala ndi katoni zikhale za m'nyumba. Panja pafunika izi:

Nyenyezi ya nsungwi. Dulani timitengo tisanu tofanana, ta masentimita 50, tipaleni kuti pasakhale zobaya. Tisanjeni mopingasana tipange nyenyezi ya nsonga zisanu, n'kumanga ndi khonje pansonga ndi pamene tapingasana. Kulungani ndi mlaza kapena nsalu yowala. Ipachikeni pachipata kapena pakhonde ndi zingwe ziwiri kuti mphepo isamaizunguze.

Timbendera ta chitenje. Dulani zotsala za zitenje mwa ngodya zitatu, pindani mphepete ya kumwamba pa chingwe, sokani. Tikanyowa timauma, ndipo mukatichapa n'kutisunga tidzagwiranso ntchito paukwati kapena pa chaka cha mawa. Timangeni pamwamba, posafikira ana.

Maluwa a mabotolo. Kumunsi kwa botolo la pulasitiki la zakumwa kuli kale ngati duwa la masamba asanu. Dulani, pakani penti m'kati mwake, tungani pa chingwe. Chofunika kwambiri: boolani duwa lililonse pansi kuti lisasunge madzi. Madzi odikha, ngakhale ochepa, udzudzu umaikiramo mazira, ndipo kukamatentha pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri wayamba kuuluka. Tisakongoletse pakhomo uku tikuweta udzudzu.

Kandulo kapena koloboyi zisayandikire zokongoletsazi, makamaka pafupi ndi denga kapena mpanda waudzu. Zikondwerero zikatha, tsitsani zonse, umitsani, sungani. Zowonongeka musazisiye zikumwazika pabwalo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Pa zidole zimene ana athu ali nazo panopa, ndi ziti zimene zili ndi kanthu kotha kuzuka?
2. Ndi zinthu ziti m'dera lathu zimene timataya koma zingapirire mvula?
3. Ndani m'gulu lathu sadziwa kuluka, ndipo amuphunzitse ndani?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Mayi aliyense abwere ndi kansalu kake ka masitichi 30 pamsonkhano wotsatira, pamodzi ndi singano yosokera. Mitu ndi makutu tidzapangira limodzi, ndipo kalulu aliyense adzakokedwa makutu pamaso pa gulu asanapite kwa mwana.