Manda ouma m'mbali mwa mtsinje

Zikomo bambo a ku Zomba chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati n'zoona zimene mwana wanu wakuuzani, zoti ku Denver, ku America, kuli manda akale kumene kapinga ndi mitengo zinauma chonsecho mtsinje ukudutsa pompo. N'zoona, bambo.

Mandawo ndi a Riverside, anatsegulidwa mu 1876 m'mbali mwa mtsinje wa South Platte. Anzathu kumeneko manda amawathirira ngati dimba la maluwa, musadabwe. Koma ku Colorado, dera limene kuli Denver, kuyandikana ndi mtsinje sikukupatsani mphamvu yopatutsa madzi. Lamulo lawo limati amene anayamba kugwiritsa ntchito madziwo ndiye woyamba kutunga, ndipo ufulu umenewu umatsimikizidwa kukhoti. Kuli makhoti oweruza za madzi okhaokha! Chilala chikavuta, obwera pambuyo ndiwo amayamba kutsekeredwa madzi.

Eni mandawa ankadalira pangano lakale lopanda chikalata cholimba. Ufulu wotunga mumtsinje unawapulumuka, madzi ogula anawakulira mtengo, ndipo mu 2003 analeka kuthirira. Mitengo yambiri inafa. Kwa ine, kulanga manda chifukwa cha pepala n'kuuma mtima, ngakhale lamulo lili kumbali ya amene ali ndi ufulu wa madziwo. Masiku ano anthu ongodzipereka amabzalako udzu ndi maluwa opirira chilala.