Katemera wa HPV saletsa mwana wanu kudzabereka

Kwa makolo ndi olera ana a ku Mhuju ndi midzi yonse ya m'chigwa cha Henga.

Mphekesera ija yabweranso. Akuti katemera wa khansa ya khomo la chiberekero ndi kulera kobisika, koti mtsikana akabayidwa sadzabereka. Limeneli ndi bodza. Ife anamwino tanena kusikelo, tanena pamisonkhano ya mafumu, lero tikuchita kulemba: katemera wa HPV saletsa kubereka.

Anthu a ku Rumphi sitifunika kuuzidwa ndi wina, pakuti katemerayu anayambira kwathu konkuno. Mu 2013 Unduna wa Zaumoyo unasankha maboma awiri, Rumphi ndi Zomba, kuti ayambe, dziko lonse lisanatsatire mu 2019. Atsikana amene anabayidwa nthawi imeneyo lero ndi akuluakulu, ndipo ena ndi omwewa amene amabwera kusikelo mwana ali kumbuyo. Mumawadziwa, ndi ana anu ndi apongozi anu. Nanga kusabereka kuja kuli kuti?

M'katemerayu mulibe mankhwala olerera. Amangophunzitsa thupi kugonjetsa kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana n'kukhala m'thupi zaka zambiri kasanayambitse khansa. N'chifukwa chake timabaya mwana kuyambira zaka 9, asanayambe zogonana. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amatipeza mochedwa, akutaya kale magazi.

Chimene chimatiwawa ife anamwino n'chakuti tsiku la katemera mwana amajomba kusukulu, tikamufunsa n'kutiuza kuti anamva mphekeserayi kwa anzake kumjigo. Kunyumba palibe anamuuzapo kanthu. Amayi akuti zimenezo n'za azakhali, azakhaliwo ali ku Mzuzu kapena ku Joni, abambo ali kuchigafa ndi fodya. Mwana afunse ndani? Ena mumati kumuuza mwana za thupi lake n'kumutuma chiwerewere. Ayi ndithu. Amene timawalandira ndi pathupi ali ku pulayimale kawirikawiri ndi aja amene sanauzidwe kalikonse.

Khalani naye pansi lero, osadikira kuti athe msinkhu. Muuzeni za msambo, muuzeni kuti mimba imatheka ngakhale tsiku loyamba lenilenilo logonana, muuzeni kuti katemera sadzamulanda ana. Akafunsa funso lochititsa manyazi musamukalipire, chifukwa mukatero sadzafunsanso. Mnyamata nayenso abambo kapena amalume alankhule naye.

Za kudziletsa ndi makondomu mukuzidziwa kale. Mwana akagwiriridwa, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndi ku mimba, ndipo imbani 116 kwaulere.

Ngati mwana wanu anathawa katemera, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena bwerani naye kuchipatala cha Mhuju, buku lake la kuchipatala lili m'manja. Inunso amayi mudzayezetse khomo la chiberekero tsiku lomwelo.