Okosijeni wotsatsidwa pafoni ndi okosijeni wopulumutsa moyo ku Mambwe

Aliyense wokhala ndi foni ya intaneti ku Mfuwe kapena ku Masumba, m'boma la Mambwe, akhoza kukumana nacho pa Facebook kapena pa TikTok: chithunzi cha munthu atagona m'thumba lalitali lotseka ndi zipi, lopopedwa mpweya mpaka kufufuma. Otsatsa amati munthu akagonamo ola limodzi kutopa kumatha, minofu imachira msanga, khungu limasalala. Ena amafika potchula khansa, shuga ndi sitiroko. Malondawa amawatcha mild hyperbaric oxygen therapy, ndipo m'mizinda ikuluikulu ya kunja anthu amawonongerapo ndalama zambiri.

Chithandizo chenicheni cha hyperbaric chilipo, ndipo madokotala sachinyoza. Wodwala amalowa m'chipinda cholimba chotsekeka bwino, mpweya umapanikizidwa kufika kawiri kapena katatu kuposa wa panja, iye n'kumapuma okosijeni yekhayekha. Kupanikizika kowirikiza kawiri n'kofanana ndi kumene thupi limamva pa mamita 10 pansi pa madzi. Zikatero okosijeni amasungunukira m'madzi a m'magazi mochuluka kwambiri. Cha m'ma 1960, dokotala wa ku Amsterdam, Ite Boerema, anaonetsa kuti nkhumba zochotsedwa pafupifupi maselo ofiira onse zinakhalabe ndi moyo zili m'chipinda chotere. Mu 2021 bungwe loyang'anira mankhwala ku America, la FDA, linafalitsa mndandanda wa matenda amene chithandizochi chinavomerezedwa. Ena mwa iwo ndi poizoni wa mpweya wa carbon monoxide, matenda a osambira pansi pa nyanja, mabala a kumapazi a odwala shuga amene akukana kupola, kupsa kwambiri ndi moto, ndi minofu yowonongeka ndi chithandizo cha radiation. Kutopa, ukalamba ndi khansa palibe pamndandandapo. Bungwelo linachenjezanso anthu kuti asamakhulupirire malonjezo otere.

Thumba la zipi lija n'lina. Limapanikiza mpweya pang'ono chabe, kufika pa 1.3, ngati mamita atatu pansi pa madzi. Kholo lake ndi thumba limene katswiri wina, Igor Gamow, anapangira anthu okwera mapiri ataliatali cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Munthu akadwala chifukwa cha kuchepa kwa mpweya pamwamba pa phiri, amamulowetsamo kuti thupi lake limve ngati watsika. Ntchito yokhayo ndi imene FDA inavomereza pa matumba ofewawa. Nanga wa ku Mfuwe atsikirenso kuti? Bwalo la ndege la Mfuwe lili pa mamita osakwana 600 kuchokera pamlingo wa nyanja, pamene Chipata ndi Lusaka zili pamwamba pa mamita 1,000. Anthu a m'chigwa cha Luangwa amapuma kale mpweya wothithikana kuposa abale awo a kumtunda, popanda kulipira ngwee.

Mpweya wa panja uli ndi maperesenti 21 a okosijeni. Kwa munthu wa mapapo abwino, mlingowu ndi wokwana kudzaza maselo ofiira a m'magazi kufika pa maperesenti 95 mpaka 100. Magazi otere ali ngati ndowa yodzaza kale: kuthiramo madzi ena sikusintha kanthu. Mlimi amene wabwera kumunda wa thonje atalefuka ndi dzuwa la Okutobala, pamene kutentha m'chigwa kumapitirira madigiri 40, sanasowe okosijeni. Wasowa madzi, mchere, chakudya ndi mthunzi. Ndipo ngati kufookako kukupitirira masiku, kuyezetsa malungo, kuchuluka kwa magazi, shuga kapena chifuwa chachikulu kuchipatala chaching'ono n'kumene kungaulule gwero lake.

Malonjezo otere si a lero. Mu 1928 ku Cleveland kunamangidwa chimpira chachitsulo cha nsanjika zisanu, mmene Dr Orval Cunningham ankagoneka odwala shuga ndi khansa mumpweya wopanikizidwa. Umboni sunapezeke, ndipo chinyumbacho chinathera kwa ogula zitsulo zakale. Ngozi nazo zilipo. Makutu amapweteka, nthawi zina nembanemba ya m'khutu imang'ambika. Choopsa kwambiri ndi moto, chifukwa pamene pali okosijeni wambiri kamoto kakang'ono kamasanduka malawi m'kanthawi kochepa. Mu Januwale 2025 mwana wa zaka 5 anafera m'chipinda cha hyperbaric chimene chinayaka mumzinda wa Troy ku Michigan.

Komatu ku Mambwe alipo anthu amene okosijeni ndiye moyo wawo, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, limati mu 2019 chibayo chinapha ana oposa 740,000 osakwana zaka 5 padziko lonse. Chibayo chimadzaza timatumba ta m'mapapo ndi mafinya ndi madzi, okosijeni n'kumalephera kulowa m'magazi. Mwana wotere amaoneka ndi kapumidwe kake, ndipo mayi, bambo kapena agogo angathe kuwerenga okha kunyumba. Mwanayo akhale atadekha, osati akulira. Amukweze malaya, ayang'ane pamimba, awerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika pa 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika pa 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika pa 40, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo ayenera kuonedwa ndi azaumoyo tsiku lomwelo.

Zizindikiro zina sizifuna n'kuwerenga komwe. M'munsi mwa nthiti mukamalowa mkati mwana akamakoka mpweya, akamabuula popuma, akamagwedeza mutu pa kupuma kulikonse, milomo ndi lilime zikada, akamakana kuyamwa kapena kumwa, akakomoka kapena akamavuta kudzutsa, ulendo wa kuchipatala uyambike nthawi yomweyo.

M'chigwa muno nkhani ya nthawi ndi yaikulu kuposa kwina. Dzuwa likangolowa njovu zimayenda m'midzi ya kwa Kakumbi, Mnkhanya ndi Nsefu, ndipo palibe amene amafuna kupalasa njinga usiku atabereka mwana. Nthawi ya mvula mtsinje wa Lupande ndi timitsinje tina timadzaza, misewu ya kumidzi yakutali n'kusanduka matope. Wodwala kwambiri angafunike kutumizidwa ku Kamoto Mission Hospital, chipatala cha mpingo wa Reformed Church in Zambia, kapenanso ku Chipata Central Hospital, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Mfuwe. Banja limene laona mwana akubanika masana n'kunena kuti tione kaye mmene agonere, nthawi zambiri limakhala ladzitsekera njira mpaka m'mawa.

Kuchipatala namwino amapana chala cha mwana ndi kachipangizo koyeza okosijeni wa m'magazi. Nambala ikatsika pansi pa 90, mwanayo amaikidwa timachubu m'mphuno, tochokera ku silinda kapena ku makina osefa okosijeni kuchokera mumpweya wamba. Pali abale ena amene amaopa machubuwa, amati munthu akaikidwa pa okosijeni ndiye kuti watsanzika. Manthawa amachokera poti odwala ambiri amafika mochedwa, okosijeni n'kuwapeza atatheratu. Kafukufuku wa m'zipatala za kumidzi ku Papua New Guinea, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti makina osefa okosijeni aja pamodzi ndi tizipangizo ta pachala anachepetsa imfa za ana odwala chibayo ndi maperesenti 35. Amene anaona mmene masilinda anasowera m'Zambia nthawi ya Covid-19 mu Juni ndi Julayi 2021 sangakayikire kufunika kwa okosijeni. Ndiye mwana akaikidwa machubu, womudikirira asawachotse pofuna kumudyetsa kapena kumunyamula asanafunse namwino. Okosijeni amangothandiza thupi kupirira. Opha tizilombo ndi mankhwala monga amoxicillin, ndipo ayenera kumwedwa mpaka kutha.

Katemera woteteza ku chibayo anayamba kuperekedwa m'Zambia mu 2013, ndipo mwana amayamba kumulandira kusikelo ali ndi masabata 6. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 komanso kuchotsa mwana pautsi wa kukhitchini kumathandizanso.

Mdani wina amabwera ndi chisanu. Ngakhale chigwa chimadziwika ndi kutentha, m'bandakucha wa Juni ndi Julayi umazizira ndithu, ndipo mabanja ena amalowetsa mbaula m'chipinda chogona, kutseka chitseko ndi mawindo. Makala oyaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, wosatsokomoletsa. Makala amene afiira bwino osatulutsanso utsi amatulutsabe mpweya woopsawu. Mpweyawu umakakamira ku maselo ofiira mwamphamvu yoposa ya okosijeni maulendo oposa 200, motero magazi amayenda m'thupi koma osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru, miyendo kulobodoka. Wogona sadzuka n'komwe. Anthu angapo a m'nyumba imodzi akadzuka ndi mutu nthawi imodzi, ena akusanza, maganizo amathamangira ku ndiwo za dzulo kapena kwa munthu wa kaduka, pamene mbaula ili chikhalire pakona.

Choyamba ndi kutsegula chitseko ndi kutulutsa aliyense panja, mbaulayo itulutsidwenso. Wokomoka agonekedwe cham'mbali ndipo asamwetsedwe kanthu. Mkaka, umene ambiri amaudalira pa poizoni, pano suthandiza, ndipo ungamutsamwitse. Onse apite kuchipatala ngakhale akumva bwinoko, makamaka mayi woyembekezera, chifukwa mwana wa m'mimba amavulala msanga kuposa mayi ake. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoniyu lichoke m'magazi. Ndi okosijeni wa pa masiki, nthawiyo imatsika kufika pa ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. M'chipinda cha hyperbaric chenicheni zimatenga mphindi zosakwana 30, n'chifukwa chake matendawa ali pamndandanda uja, koma kwa odwala ambiri okosijeni wa pa masiki woperekedwa msanga ndiye chithandizo choyamba kulikonse padziko.

Pofika kuchipatala, woperekeza atchule za mbaula asanafunsidwe. Kachipangizo ka pachala kaja sikasiyanitsa carbon monoxide ndi okosijeni, motero kangaonetse 98 pamene munthu ali pangozi, ndipo namwino amene sanauzidwe kuti banjalo linagona ndi moto angayambe wayeza malungo.