Befu silithamangitsidwa ndi mantha

Kudera la Bolero ku Rumphi kunali mkulu wina, mlimi wa fodya wa bale, yemwe paunyamata adagwirapo ntchito m'migodi ya malasha. Chingambwe adasuta zaka zambiri. Atadwala chifuwa chachikulu adamwa mankhwala miyezi 6 mosadumphitsa nachira, koma befu lidatsala. Kungonyamula mtolo wa fodya kuchoka m'chigafa, ankafika pakhonde ali wefuwefu.

Kuchipatala cha boma ku Rumphi adamuuza kuti mapapo adatsala ndi zipsera zomwe sizidzafufutika. Adampatsa mankhwala opopera m'kamwa, kenaka namwino adamukhazika pansi.

"Adada, befu likabwera khalani pampando, muweramire kutsogolo, zigongono pamaondo. Gwetsani mapewa. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 2, muutulutse pakamwa pang'onopang'ono mpaka 4, milomo mutaisongola ngati mukuuzira phala lotentha. Muziyeserera tsiku lililonse, nthawi imene muli bwino."

Mkuluyo adangoti zikomo. Panjira adauza mwana wake wamkazi kuti, "Ine ndidayamba kupuma namwinoyo asanabadwe. Popanda jakisoni palibe chimene andithandiza." Sadayeserereko ngakhale kamodzi.

Mu Juni, mphepo yozizira ikutsika kuchokera ku Nyika, adatandala tsiku lonse akusankha fodya m'fumbi, pokonzekera msika wa ku Mzuzu. Pakati pa usiku befu lidamugwira. Adayamba kumeza mpweya mothamanga, mapewa ali m'makutu, maso ali tong'o. Apabanja, chifukwa cha chikondi chomwecho, adachita zonse zolakwika: adamugoneka chagada, adatseka mawindo, adalowetsa mbaula yamakala kuti afundidwe, namuunjirira akulira.

Chimene sankadziwa n'chakuti m'mapapo odwala chotere vuto lalikulu ndi kutulutsa mpweya. Timachubu ta mpweya tikachepa, mpweya wakale umatsekeredwa m'kati. Munthu akamapuma mothamanga amawonjezera wina pamwamba pa wosatulukawo, chifuwa n'kudzaza. Mantha amafulumizitsa mapumidwe, mapumidwe ofulumirawo n'kukulitsa mantha. Kusongola milomo kumathandiza kuti timachubuto tisafulumire kutsekeka, mpweya wakale upeze potulukira. Makala oyaka m'chipinda chotseka nawonso amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha, umene umapha ngakhale munthu wathanzi.

Mwana wake uja ndiye adakumbukira mawu a namwino. Adatulutsa mbaula, adatsegula chitseko, adawadzutsa bambo ake nawakupiza kumaso ndi lichero. "Adada, uzirani, uzirani pang'onopang'ono!" Koma thupi losazolowera silidamve. Adachita kubwereka galimoto usiku womwewo, ndipo mkuluyo adagonekedwa m'chipatala ali pa makina a oksijeni. Ndalama zomwe amayembekezera pa fodya zidayamba kudyeka fodyayo asanafike kumsika.

Atatuluka, adayamba kuyeserera m'mawa ndi madzulo, dzanja lili pamimba kuti amve ikukwera ndi kutsika. Mapapo sadabwerere mwakale, ndipo befu limabwerabe. Koma tsopano likabwera amakhala pansi, amawerama, amauzira mpaka lidutse, kenaka amapitiriza ntchito mopumira.

Inu amene muli ndi mphumu, amene mudadwalapo chifuwa chachikulu, amayi amene mwakalambira mu utsi wa nkhuni, phunzirani mapumidwe amenewa lero pamene chifuwa chili phee, ndipo muphunzitsenso amene mumagona nawo nyumba imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musasiye mankhwala anu, pakuti mapumidwewa salowa m'malo mwake. Ndipo milomo ikayamba kutuwa kapena kuda, mawu akamadukira panjira, pachifuwa pakamabaya, thupi likatentha, makhololo akabwera ndi magazi, kapena wodwala akayamba kubwebweta, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.